Anandilankhula Ataimirira

Ntchito yanga inalibe dzina lenileni. Kalata imene inandichotsa kwathu ku Ntcheu n'kunditumiza ku Mangochi inkati ndine mphunzitsi wa masewero, koma nditafika pakoleji ya ntchito zamanja ija ndinapeza kuti timu ya mpira ili kale ndi kochi wake, bambo wa mimba yake amene ankaphunzitsanso zamagetsi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundiuza kuti, "Mpira ndi wanga, achimwene. Inu muzingondikonzera miyendo." Ndinakonza miyendo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ophunzira anandipatsa dzina loti a Mafizo, poti ntchito yanga inali ya mafizo, masewero olimbitsa thupi, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pa Boma pamapezeka wakabaza wondikuwira dzina limeneli. Nkhope ndimakhala nditaiwala, koma ndikayang'ana mmene akupalasira ndimadziwa kuti anadutsa m'manja mwanga.

Wokonza miyendo sasankha osewera ndipo sajambulidwa. Timu ikapambana anthu amanyamula kochi. Ikagonja chifukwa anyamata atha mpweya m'chigawo chachiwiri, maso onse amabwera kwa iwe. Ndinazolowera msanga. Jimu yathu inali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa wekishopu: zitini za penti zothira simenti, ziwiriziwiri zolumikiza ndi paipi, matayala awiri a thirakitala, ndi chingwe cha boti chimene ndinapempha kwa asodzi. Tinkayamba hafu faifi m'mawa, poti dzuwa la kuno likangokwera silifuna nthabwala. M'mwezi wa kusala kwa Asilamu, pamene theka la timu silinkamwa ngakhale madzi masana, ndinkachepetsako, osati chifukwa cha chifundo koma chifukwa akochi anandiuza kuti ndidzayankha ndekha wina akakomoka. Ine ndinkakhala pachitini chimodzi chimene paipi yake inazuka, wezulo pakamwa, wotchi m'manja, n'kumawerenga.

Ntchito imeneyi imagonthetsa makutu, ndipo ndi mmene imayendera. M'mawa umodzi wokha umamva "ndafa ine" kakhumi. Wina akuti mwendo wathyoka, wina akuti malungo amuyamba pomwepo, wina wakumbukira kuti agogo ake akudwala. Ukawamvera onse, Loweruka ulibe timu. Ana a m'tauni ndiwo anali akatswiri a kulira. Chaka choyamba ndinkathamanga kukaona. Chaka chachitatu ndinkangoyang'ana wotchi. Pofika chaka chachisanu kulira kwa munthu kunkandifika ngati phokoso la chigayo cha kuseri kwa mpanda wathu, limene unkalizindikira pokhapokha magetsi akazima. Sindinali wankhanza ayi, chifukwa wankhanza amamvako kanthu mumtima. Ine sindinkamva kanthu, ndipo ndinkayesa kuti kumeneko ndiko kuidziwa ntchito.

M'chaka changa chachisanu ndi chitatu kunabwera wophunzira wa ku Nkhudzi, mwana wa msodzi, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, kudzaphunzira kukonza injini. Ankasewera kumbuyo, wotchinga pakati. Miyendo yake sindinakonze ndine. Anabwera nayo yokonzakonza, chifukwa anakula akukoka khoka mumchenga, chingwe chili m'chiuno, akuyenda chafutambuyo. Tayala limene anzake ankalimbana nalo awiri, iye ankalitembenuza yekha n'kuima kudikira kuti ndinene china. Sanalirepo. Ndinkamugwiritsa ntchito pokalipira enawo: "Taonani mnzanu! Inu mukudya chiyani?" Akanatha kumuda nazo, koma anali munthu wovuta kumuda.

Chimene ndinamukondera kwenikweni sichinali mphamvu. Anali ndi ulemu wa kumudzi umene ophunzira ambiri ankausiya pageti tsiku loyamba. Akafuna kundilankhula ine nditakhala pachitini changa, sankaima pamutu panga. Ankabwera chammbali, n'kunyonyomala, dzanja lina litagwira mkono wa linzake, kenaka n'kunena chimene wabwerera, ngakhale kungopempha kiyi wa chipinda cha mipira. Kwathu ndinaleredwa choncho. Amalume anandiomba khofi ndili ndi zaka khumi chifukwa chowapatsa uthenga nditaimirira, ndipo khutu limenelo silinaiwale. Pakoleji pamene ngakhale mlonda ankadziwa kuti a Mafizo si aphunzitsi enieni, kunyonyomala kwa mnyamatayo kunali chinthu chokha chondikumbutsa kuti ndine munthu wamkulu. Ndinene mosabisa: m'mawa uliwonse ndinkakudikira.

M'chaka chake chachiwiri anthu a timu ina yaikulu ya ku Blantyre anamuona akusewera, ndipo anauza akochi kuti am'tumize akamuyese pakatha mwezi. Nkhaniyo inafika ku Nkhudzi tsiku lomwelo. Ndinamva kuti bambo ake anaiyendetsa gombe lonse, bwato ndi bwato. Kwathu kuno munthu wa mpira amaitanidwa kamodzi, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo. Akochi anandikokera pambali nati, "Muli ndi masabata anayi. Apite ali chitsulo." Ndinalemba ndondomeko m'kope langa, tsiku ndi tsiku, ndipo ndinainyadira.

Loweruka lotsatira tinapita ku Chowe kukasewera mpira wongocheza ndi timu ya kumeneko. Bwalo lawo linali munda zaka zingapo m'mbuyomo, moti mizere inkaonekabe pansi pa udzu. Chakumapeto iye analumpha kumenya mpira ndi mutu n'kutera phazi limodzi pamzere. Anakhala pansi kanthawi, anadzuka, anamaliza mpirawo. Pobwerera palole anakhala kumbuyo, mwendo wakumanja atautambasula pakati pa zikwama. Ndinaona ndithu, koma maso anga sanakhalepo.

Lolemba m'mawa anabwera pachitini changa kudzatenga kiyi. Anabwera chammbali monga mwa masiku onse, dzanja litagwira mkono, koma sanatsike. Anaima.

"Mwadzuka bwanji, a Mafizo? Ndimati kiyi."

Ndinakweza mutu mpaka khosi kuwawa, poti anali munthu wamtali. Kiyi ndinam'ponyera pansi.

"Bondo lija likuti bwanji?"

"Pang'ono," anatero.

"Ndiye thamanga."

Liwu limenelo ndikulidziwa monga alidziwira munthu wina aliyense. Mayi anga akanena pafoni kuti "tadzuka pang'ono," ndinkayamba kufunsa za basi ya ku Ntcheu. Munthu woleredwa bwino sauza wamkulu kuti ndikudwala kwambiri. Koma pabwalo ndinali ndi sikelo yangayanga. "Ndafa" ndiye kuti palibe kanthu, "kwambiri" ndiye kuti upume tsiku limodzi, "pang'ono" ndiye kuti thamanga. Komanso tsiku limenelo mutu wanga sunali pabondo. Unali pa kuimirira kuja.

Lachiwiri anaimanso. Lachitatu chimodzimodzi. Ndinati mumtima, taonani, Blantyre yam'lowa m'mutu asanaione n'komwe. Ndinadandaulira akochi, iwo n'kungoseka: "Asiyeni, ndi masitaa amenewo. Mawa tidzawapempha ndife moni." Mawuwo anandiwawa. N'zodabwitsa kuti munthu amene kulira kwa anzake sikunkam'fika, kamwano kodzipangira yekha kanam'lowa mpaka m'mafupa. Ndinkapita nako kunyumba, ndinkadya nako. Pothamanga anayamba kutsalira, ndinati ndi ulesi wa sitaa. Potsika masitepe a kuholo ankatsika chammbali, ndinati ndi mayendedwe a m'tauni. Ine amene ndinkadzitama kuti ndimatha kudziwa wosewera amene wamwa mowa dzulo pongoona mmene akumangira jombo, zonse zimene ndinaona masiku khumi amenewo ndinaziponya m'thumba limodzi la matama.

Lachinayi la sabata yachiwiri anabwera kudzandionetsa kalata ya ku Blantyre. Anali akumwetulira, kalata ataigwira ndi manja awiri, ataima. Anzake anali chapafupi akuvala. Sindinailandire.

"Kodi masiku ano mawondo ako sapindika?" ndinafunsa mokweza kuti onse amve.

Kumwetulira kunazima. Anayang'ana pansi.

"Pepani, a Mafizo."

"Usapepese. Tiwakumbutse. Nyamula chitsulo, uchite chule mpaka kugolo uko, ubwererenso."

Chule ndi kulumpha utanyonyomala, paipi ya zitini za simenti ili pamapewa. Panalibe chimene anyamata ankadana nacho ngati chule, ndipo ndinkam'sungira anthu ochedwa ndi amwano. Iye anandiyang'ana kamodzi. Ndayesa kukumbukira ngati m'maso mwake munali pempho, koma chimene chimabwera n'chakuti anapinda kalata ija bwinobwino n'kuitsindika ndi mwala kuti isauluke. Ananyamula paipi. Kuti atsike pansi panatenga nthawi, nkhope itauma gwa. Analumpha kamodzi, kawiri. Ine ndinkawerenga mokweza. Kachisanu ndi chiwiri panamveka kaphokoso ngati munthu wathyola chinangwa chachiwisi, ndipo anagwera chammbali, zitini zikugubuduka. Sanakuwe. Anangoti, "Aa."

Ndikanakonda kulemba kuti mtima unandisweka pomwepo. Sunasweke. Ndinayang'ana wotchi, inali sikisi koloko itapitirira mphindi khumi. Ndinauza anyamata awiri kuti am'nyamule apite naye kugeti akapeze njinga yamoto. Otsalawo ndinawathamangitsa maulendo anayi ozungulira bwalo amene anatsala pandondomeko ya tsikulo. Kalata ija anaitola ndi goloboyi.

Kuchipatala anati mtsempha wa mkati mwa bondo waduka, ndipo kuti unali utang'ambika kale masiku angapo m'mbuyomo; ukanapumitsidwa mwina zikanakhala zina. Anamuika chikhakha kuyambira ntchafu mpaka kakolo. Ndinakamuona kamodzi. Nditangolowa muwodi anayesa kudzuka pabedi kuti andilandire bwino, mayi ake akum'kanikiza phewa kuti agone. Bambo ake, munthu wamfupi wa zikhato zokakala, anandigwira dzanja ndi manja awiri kundithokoza kuti ndabwera. Mwana wawo anali atawauza kuti anagwa ku Chowe, basi. Ndinakhala mphindi makumi awiri, tinakamba za mwera umene unkaletsa maboti kulowa m'nyanja, ndinatsanzika. Panja pageti ndinagula chimanga chootcha n'kudya chonse. Ndikukumbuka kuti chinali chokoma.

Palibe anandiimba mlandu. Akochi anati ndi ngozi za mpira. Anyamata amene anaona anakhala chete, kaya chifukwa cha mantha, kaya chifukwa kwa iwo chule anali chule basi. Ku Blantyre anatenga wina. Iye anabwerera kudzamaliza maphunziro ake akuyenda ndi ndodo, kenaka wopanda ndodo, koma bondo linauma, silinkapindika ngakhale theka. Popita kuwekishopu ankazungulira njira ya kuzimbudzi kuti asadutse pamtengo wa mango, ndipo ine ndinkathokoza kuti akutero.

Ndinagwirabe ntchito zaka zina zisanu ndi ziwiri. Chule sindinam'siye nthawi yomweyo, ndisaname. Ndinam'siya patapita miyezi, ndipo ndinauza akochi kuti ndawerenga penapake kuti ndi wachikale. Timu inatengako kachikho ka makoleji, akochi ananyamulidwa, paphwando lake ndinapatsidwa ntchito yogawa mbale. Ophunzira ankabwera, ankalira, ankapita. Anthu amayesa kuti munthu wolakwa sagona tulo, koma ine ndinkagona bwinobwino, ndinkadya, kutchalitchi ndinkaimba nawo. Zinali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali mpaka kuchita dzanzi: ukuuona kuti ulipo, ukudziwa kuti ndi wako, koma ukautsina palibe chikuchitika. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene ndinachita. Kudziwako kunkangokhala m'mutu, sikunkatsikira kwina kulikonse.

Nditapuma ntchito sindinabwerere ku Ntcheu, poti ndinali nditamanga kanyumba kuno. Tsiku lina masana ndikuthirira mpiru kuseri ndinamva odi. Anali mnyamata wa ku Nkhudzi uja, atanenepako, zikhadabo zakuda ndi oyilo, chipewa m'manja. Anali atatsegula malo ake okonzera injini za maboti ku Nkhudzi. Ndinam'patsa mpando, anakhala mwendo utatambasuka, ndipo ndinapezeka ndikumuti inu.

"Ndikukwatira, a Mafizo. Kwatsala masabata asanu ndi imodzi."

"Zabwino zimenezo. Mayiyo ndi wa kuti?"

"Wa ku Chiponde, amagulitsa zitenje. Koma mukudziwa, kutchalitchi pali kugwada." Anasisita bondo. "Abusa akuti andibweretsera mpando. Ine mpando sindikuufuna. Akuchikazi akubwera lole yathunthu, ambiri sanandionepo. Azikanena chiyani pobwerera? Kuti mwana wawo wagwada yekha, mwamuna ali pampando?"

Ndinati apite kuchipatala, kuli anthu amene anaphunzira za mafupa.

"Ndinapita. Anandiona, akuti likhoza kupindikako, anandipatsa pepala la zochita. Koma ndekha ndikafika pamene pakuwawa ndimasiya. Bambo anayesa kundithandiza, ndikangokuwa amasiyanso. Pakufunika munthu woti asandimvere chisoni." Anandiyang'ana bwinobwino, ndipo m'mawu ake munalibe mwano uliwonse. "Ndiye ndinaganiza za inu."

Ndinavomera. Sindinaone chifukwa chokanira, ndipo iye sananame.

Lachitatu ndi Loweruka lililonse ndinkakwera matola m'mawa kupita ku Nkhudzi. Tinkayamba ndi kuyenda m'madzi ofika m'chiuno kuti bondo lifewe. Kenaka ankagona chafufumimba pamphasa kuseri kwa shedi yake, ine n'kugwira kakolo, n'kumakankha chidendene kuti chiyandikire thako. Ndinadula kabango koyezera mpata wotsala, ndipo sabata iliyonse ndinkakafupikitsa ndi mpeni. Tikatha pamenepo ankayesa kugwada pamatumba a mchenga, poyamba atatu osanjikiza, kenaka awiri. Akagwada ndinkawerenga, tikafika pamene tagwirizana ndinkam'patsa dzanja n'kumukoka kuti aime, tiyambirenso.

Ulendo uno ankakuwa. Munthu amene sanalirepo pakoleji ankakuwa mpaka amayi oyanika usipa kusiya ntchito n'kumaseka, akumufunsa ngati ukwatiwo ndi wokakamiza. Ankatukwana m'Chichewa, akatopa n'kutukwana m'Chiyao chimene anaphunzira kwa eni maboti. Ine ndinkakankha. Tsiku lina ndinaona kuti ndalekera panjira popanda chifukwa, manja atangofooka okha. Iye anatembenuza mutu nati, "Mwakalamba kodi, a Mafizo? Kankhani." Ndinati ndi njala, ndinakankhanso.

Sabata yachinayi ndinanena. Ndinasankha nthawi imene anali chafufumimba, poti choncho sitinkaonana m'maso.

"Masiku aja mutasiya kunyonyomala, ine ndinkayesa ndi matama."

Anayankha tsaya lili pamphasa.

"Ndinkadziwa," anatero.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikananena bwanji? Inu mukanauza akochi, akochi akanauza a ku Blantyre. Ndinati ndilimbe mpaka ndikafike." Anapukuta thukuta. "Ndinkayeserera kuseri kwa hostelo m'mawa ndisanabwere kwa inu, kuti mwina lero ndinyonyomala. Zinkakanika. Ndiye ndinkati muona nokha. Paja inu ndinu a miyendo."

Ndinadikira kuti chinachake chichitike mkati mwanga. Ndinamva fungo la usipa, ndinamva injini ya boti ikutsokomola kugombe, ndinamva thukuta likutsika kumsana. Liwu loti pepani linafika pakamwa, koma linaoneka laling'ono kwambiri moti ndinachita nalo manyazi, ndinalimeza. Iye anati, "Tipitirize," ndipo tinapitiriza.

Lachitatu lomaliza anagwada pamphasa yokha, popanda thumba, mawondo onse awiri pansi, msana uli chilili. Ndinawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi. Bambo ake anasiya ukonde umene ankasoka n'kuomba m'manja, akunena kuti aphunzitsi awa Mulungu awadalitse, anam'thandiza mwanayu kusukulu, lero akum'thandizanso. Ndinam'patsa mkwatiyo dzanja, anaima, ndipo ndinamuuza kuti ntchito yatha. Ndinabwerera ku Boma ndi nsomba zimene sindinathe kuzikana.

Ukwati unali Loweruka m'mawa, m'tchalitchi cha njerwa, pansi pake pali simenti. Anandikonzera malo kutsogolo pamodzi ndi abale, koma ndinakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, ndinati ndikufuna mphepo. Akuchikazi anadzaza mbali yonse ya kumanzere, atavala chitenje chofanana. Mkwatibwi ndinamuona koyamba tsiku limenelo, mayi wamfupi wa mapewa aakulu, wozolowera kusenza katundu pachipata cha Chiponde. Mkwati analowa pang'onopang'ono nyimbo ikuimbidwa, ndipo mayendedwe a ukwati anam'bisira kutsimphina.

Abusa atati, "Tigwade," ndinaona akuyamba ndi bondo lakumanzere, dzanja pantchafu, kenaka lakumanja, monga tinkachitira. Anafika pansi. Anawongola msana. Mkulu wa mpingo amene anaima pambali ndi mpando, kuchitira mwina, anaubweza kukhoma. Ndinayamba kuwerenga chamumtima, poti ndi chizolowezi. Pemphero linali lalitali. Abusa anapempherera banja, ana amene adzabadwe, makolo a mbali zonse ziwiri, nyanja ndi mvula. Ndinadutsa makumi asanu ndi limodzi, ndinadutsa zana. Iye sanagwedezeke, kupatula kolala ya shati imene inkada ndi thukuta.

Anthu anati ameni. Mkwatibwi anaima. Mkwati anaika chikhato pansi, anayesa kudzuka, thupi silinakwere. Anayesanso. Kwaya inali itayamba kale nyimbo, ndipo mawu ena anayamba kuzimirira oimba akusuzumira. Kenaka, osatembenuka n'komwe, anatambasula dzanja lakumanja chammbali, m'mwamba pang'ono, pamalo pamene dzanja langa linkakhala masabata onse aja. Panalibe munthu pamenepo.

Ndi pamene ndinazindikira. Ndinam'phunzitsa kutsika kokha. Kudzuka kunali mkono wanga, kawiri pasabata, kambirimbiri patsiku, ndipo sindinakuwerengepo ngati mbali ya ntchitoyo. Ndinachita mantha, mantha enieni, oyamba m'zaka zambiri. Ndinapezeka nditaima, ndikupyola mawondo a anthu pabenchi, ndikuyenda pakati pa tchalitchi kulunjika kutsogolo, dzanja litatsogola kale.

Tchalitchicho n'chachitali. Ndisanafike pakati, mkwatibwi anagwadanso ndi diresi lake loyera, analowetsa phewa kukhwapa kwa mwamuna wake, anam'gwira m'chiuno, n'kudzuka naye monga amadzukira ndi belo la zitenje. Anaima onse awiri. Nthungululu zinasweka, ndipo a ku Chiponde ndiwo anakuwa kwambiri, akuyesa kuti ndi sitayilo yatsopano ya maukwati a kunyanja. Mkwati anapukuta nkhope, ananong'oneza mkazi wake kanthu, mkaziyo n'kuseka. Sanayang'ane kumbuyo.

Ine ndinatsala pakati pa njira, dzanja lili m'malere. Mayi wina wa chigwirizano anandigwira pachigongono n'kunena chapansipansi, "Bambo, takhalani pansi, mukutchinga wojambula."

Ndinakhala pabenchi yapafupi, pakati pa akuchikazi, ndipo wina anandifunsa ngati ndine wachibale. Ndinati ayi, ndinkangowaphunzitsa mafizo.